Chitsulo chimene chimamvera manambala

Chigayo chikafa kwa Katuli, mudzi wonse umadziwa. Amayi amabwerera ndi mphale pamutu, ndipo mwini chigayo amakulunga shafuti yodyeka m'thumba la feteleza, n'kutsika mapiri, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukafuna munthu wosema zitsulo pa makina a lathe. Akapanda kumupeza ku Mangochi, ulendo umafika ku Limbe.

Ntchito ya chitsulo si yachilendo m'dera lino. Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja, akatswiri ofukula zakale anapeza zizindikiro za anthu amene ankagwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Sitima ya Ilala inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland, inalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kulowa m'madzi mu 1951. Lero mnyamata wa kuno akapeza ntchito m'shopu ya zitsulo ku Joni, amakumana ndi makina a mtundu wina, a CNC, amene amasema motsogozedwa ndi kompyuta.

Amayamba ndi kusesa zinyenyeswa. Kenako amapatsidwa lathe ya manja, pomwe khutu ndi chala ndizo zimamuuza ngati mpeni ukudya bwino. Tsiku lina abwana amamuyimika pa CNC, ndipo zonse zimene manja ake ankadziwa ayenera kuzisandutsa manambala. M03 ikutanthauza kuti chitsulo chiyambe kuzungulira. G01, mpeni uyende mowongoka. G02, ukhote. X ndi Z zimanena pamene ufike. Makina oyamba oyendera manambala anaonetsedwa ku MIT, ku America, mu 1952, koma mfundo yake sinasinthe: makina sachita zimene munthu akufuna, amachita zimene walemba. Kadontho kamodzi kakakhala pamalo polakwika, mpeni wodula umathyoka, ndipo chitsulo cha kasitomala chimatayidwa.

Chimene chimandigwira mtima ine si kompyutayo. N'chitsulocho. Pulogalamu ikanakhala yopanda ntchito chitsulo chikanakhala chosinthasintha khalidwe. Koma Mlengi anachiikira lamulo, ndipo sichilumpha. Chitsulo chotalika mita imodzi chikatenthedwa ndi madigiri 10 chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 0.12, kuposa kunenepa kwa tsitsi. Chimatero ku Joni, chimatero kwa Katuli, chinkatero m'ng'anjo za makolo. Chitsulo chenicheni chimasungunuka pa madigiri 1,538, osati tsiku lina pamenepo, tsiku lina pena. N'chifukwa chake munthu angathe kulemba manambala Lolemba, n'kupeza Lachisanu kuti nati ya zana limodzi ikulowa pa bawuti monga inalowera yoyamba.

Yang'anitsitsani zinyenyeswa zikamatuluka pa mpeni. Zimapotana, zikutuluka zonyezimira. Kutentha kukadutsa pang'ono madigiri 200 zimasanduka zachikasu ngati udzu wouma. Kukafika cha m'ma 300 zimakhala zobiriwira ngati thambo. Palibe anazipaka utoto. Ndi mpweya umene wagwirana ndi khungu la chitsulo, n'kupanga kachikuto kopyapyala kwambiri kamene kamabweza kuwala mwa njira yake. Mmisiri wodziwa amawerenga mitundu imeneyi, n'kudziwa kuti wathamangitsa makina kapena madzi oziziritsa achepa. Chitsulo chimanena chokha mmene chikumvera, chofunika ndi maso okha.

Ndipo ndi chitsulo chomwechi chimene chimafiiritsa dothi la m'minda yathu, ndi chomwechi chimene chili m'magazi, kunyamula mpweya kuchokera m'mapapo kufika m'zala za mmisiriyo. Asayansi amati chinapangika m'kati mwa nyenyezi dziko lisanakhalepo. Kwa Katuli, kumene ambiri ndi Asilamu, ana a kumadrasa amadziwa kuti sura ya 57 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina la chitsulo, Al-Hadid. Akhristu nawo amawerenga m'Genesis za Tubala-Kaini, wosula mkuwa ndi chitsulo. Ine ndimaona kuti n'koyenera kuti mabuku onse awiri achitchule. Chinthu chokhala m'nyenyezi, m'nthaka ndi m'thupi la munthu, n'kulolanso kuti mwana wa mlimi achiseme, sichingadutsidwe mwakachetechete.

Udindo umabwera limodzi ndi nzeruzi. Amene waphunzira kulemba pulogalamu ndiye amatsegula shopu, amaitanitsa mipeni, amayankha kasitomala akakwiya, ndipo amayang'anira anyamata atsopano amene zala zawo zili pafupi ndi chitsulo chozungulira kambirimbiri pa mphindi. Pulogalamu yatsopano amayamba waiyendetsa mpeni uli m'mwamba, osakhudza kanthu, dzanja lili pa batani lofiira. Ena amati ndi mantha. Ine ndimati ndi ulemu, pakuti wadziwa kuti lamulo la chitsulo silikondera, ngakhale iye amene wakwezedwa.

Chidutswa choyamba chikatuluka, mnyamata watsopano amathamangira micrometer kuti ayeze. Mkulu wake amamugwira mkono: "Dikira kaye, achimwene, chizizire." Chikadali chofunda, ndiye kuti chafufuma pang'ono, ndipo muyeso unama. Amachiika pathebulo, amakonza china, ndipo chikazizira amayeza, n'kusintha nambala imodzi mu pulogalamu asanalole kuti zotsalazo zisemedwe.