Kodi Kutaya Mtima ndi Tchimo?

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-21

Mlimi wa ku Tsangano akatenga feteleza pa ngongole, mbatata yake n'kugulidwa motchipa pa Lizulu, tulo timamthawa, ndipo nsima siimkoma. Ena amamweruza kuti chikhulupiriro chake chachepa. Kodi kuweruza kotere n'kolungama?

Taonani Eliya. Anagonjetsa aneneri a Baala 450 pa phiri la Karimeli, koma pothawa Yezebeli anapempha kufa. Mulungu sanamkalipire. Anayamba wampatsa tulo, mkate ndi madzi. Pambuyo pake anamva dandaulo lake, nambweza ku ntchito, nampatsa Elisa akhale mnzake.

Chotero kulema mtima si tchimo ayi. Cholakwa ndicho kuseka wolemayo, kapena kubisa katundu wathu chifukwa cha manyazi. Thupi ndi mtima zimasenzana, ndipo zonse n'za Mulungu.

Ana inu, zolowerani izi tsiku ndi tsiku. Gonani nthawi yabwino. Idyani pamodzi ndi abale. Gwirani khasu, sewerani, imbani. Madzulo tchulani m'pemphero zinthu zitatu zoyamika. Chikakuvutani, uzani kholo kapena mkulu wa mpingo. Kachasu ndi chamba sizichotsa nkhawa, zimangoionjeza.

Chisoni chikapitirira masabata awiri, kapena munthu akanena zodzipha, musamsiye yekha. Mpempherereni, ndipo mperekezeni ku chipatala cha Ntcheu, pakuti nthenda imeneyi imachizika.

Funso: Ndani kwanu amene wangokhala duu masiku ano? Mudzamchezera liti?