Ngongole ya Intaneti ndi Wothyola Tiyi wa ku Chirinda

Funso lakuti ndani ali ndi ufulu wokongola ndalama m'dzina la mnzake limaoneka bwino poganizira ngongole ya madola 98 miliyoni imene kampani ya boma la Zimbabwe ya TelOne inalandira ku banki ya China Exim kuti iyale nthambo za faiba, zomwe ndi timaulusi tagalasi tonyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala. Pangano lotere amasainirana akuluakulu, koma kampani ya boma ikalephera kubweza, mtolowo umagwera mtundu wonse, kuphatikizapo mayi wothyola tiyi m'minda ya Tanganda kufupi ndi nkhalango ya Chirinda kapena m'chigwa cha Honde, amene malipiro ake amadalira kulemera kwa masamba a m'dengu lake pa sikelo.

Ovomereza ngongoleyi ali ndi mfundo yomveka, pakuti namondwe wa Idai atakantha Chimanimani ndi Chipinge mu Marichi 2019 anthu anaona kuti uthenga wofika msanga umapulumutsa miyoyo. Chovuta n'chakuti udindo wobweza umafika paliponse pamene phindu limatsata misewu ikuluikulu ndi matauni. Mayi wothyola tiyi uja amadulidwa msonkho, umene mu 2018 unaikidwa pa 2 peresenti, akamatumiza ndalama pafoni kudzera pa EcoCash, ngakhale kukomboni kwake netiweki itamagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu. Choposa pamenepo, ena mwa adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu alibe chitupa mpaka lero, ndipo popanda chitupa munthu sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake. Boma limawawerengera pobweza, koma pogawa silikuwadziwa.

Chilamulo cha Mose chinkalamula kuti ngongole zikhululukidwe chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, pofuna kuti wosauka asamangike moyo wake wonse, ndipo mipingo inatsamira pa ganizo lofanana nalo m'gulu la Jubilee 2000. Malawi anakhululukidwa ngongole zambiri mu 2006, pamene Zimbabwe sinapeze mwayi umenewu. Choncho chilungamo cha ngongole ya intaneti sichingayezedwe ndi kutalika kwa nthambo zokha, koma ndi kuona ngati wobweza wosafunsidwa uja wapatsidwa chitupa, nsanja ya netiweki pafupi ndi komboni, ndi mabandulo a mtengo umene malipiro a tsiku limodzi angakwanitse.