Tilembe 25 kapena 33?



Holide yapitayi mng'ono wanga wa Folomu 3 anabwera ndi ntchito ya Physics. Anauzidwa kuti apange ka roller coaster, kanjanji kamasewera kaja timaonera pa YouTube anthu akukuwa kakamawatembenuza chadodolido. Tinang'amba paipi yothirira dimba m'litali mwake n'kuimangirira pa timatabwa ndi waya. M'malo mwa sitima tinatenga kampira kachitsulo ka mu bearing ya galimoto. Chapakati tinaipinda paipiyo kukhala mkombero woimirira, radius yake masentimita 10.

Kampirako kalibe injini. Mphamvu yonse kamaitenga pa kutalika kwa pomwe mwakasiyira, ndipo kakamatsika mphamvuyo imasanduka liwiro. Notsi za mnyamatayu zimati kuti kadutse pamwamba pa mkombero osagwa, kayambire pa msinkhu wa radius kuchulukitsa ndi 2.5. Kwa ife ndiye kuti masentimita 25.

Tinakasiya pa 25, kanagwa. Pa 28, kanagwanso. Pa 30 chimodzimodzi. Kanadutsa bwinobwino titafika pa 33, ndipo tinabwereza kasanu. Apa n'kuti Maghrib ikuyandikira, tonse titatopa. Iye anati, "Achimwene, tingolemba 25. Aphunzitsi akufuna yomweyo. Ndani abwere kuno kudzayeza?"

Sindinamuyankhe msanga, chifukwa inenso ndinachitapo zimenezi. Chaka choyamba ku yunivesite, manambala a mu lab akakana kugwirizana ndi buku, tinkawakonza usiku mpaka graph iwongoke. Timati kuphika ma results, ndipo timanena tikuseka.

Komanso mfundo ya mng'ono wangayo si yachibwana. Palibe waberedwa ndalama. Fomula si yabodza. Aphunzitsi akanasangalala, iye akanakhoza. Ndiye tchimo lili pati?

Ndaliganizira funsoli masiku angapo. Lipoti lija silikufunsa zomwe buku limanena, chifukwa buku aphunzitsi ali nalo kale. Likufunsa zomwe ife tinaona ndi maso. Ukalemba kuti "tinayeza ndipo tinapeza", ukuikira umboni. Ku madrasa tinaphunzira kuti umboni wabodza uli m'gulu la machimo akuluakulu, koma ine ndinkangoganiza za kukhoti ndi milandu ya malo kwa amfumu. Sindinkadziwa kuti munthu angakhale mboni yabodza ali yekha ndi rula ndi bolopeni. Timakwiya ndi wogula mbewu wobera sikelo, pomwe ife tikubera rula.

Chinanso, bodzalo likanatibisira chinthu chenicheni. Titabwera ku swala tinakhala pansi kufufuza komwe kwapita masentimita 8 aja. Tinapeza kuti 2.5 ija ndi ya chinthu chongoterereka popanda chokhula chilichonse. Kampira sikaterereka, kamagubuduzika, ndipo mphamvu ina imathera m'kuzungulira kwakeko. Kwa mpira wolimba wopanda mphako nambala imakhala 2.7, ndiye kuti masentimita 27. Otsalawo anadyedwa ndi kukhulana kwa kampira ndi paipi, komanso kugwedera kwa mkombero wathu womangidwa ndi waya. Phunziro lonse linali mu nambala yomwe timafuna kufufuta.

Ndikuvomera kuti chilungamo chotere chimalipitsa. Alipo aphunzitsi amene akaona 33 amangodula malikisi osawerenga chifukwa chake, ndipo wophika uja n'kukhala nambala wani. Sindingakulonjezeni kuti choonadi chikupatsani A. Koma ganizirani komwe tikupita. Ena mwa ife tidzayeza magazi a odwala, ena kulimba kwa konkire ya milatho, ena tidzasunga mabuku a ndalama za mzikiti. Dzanja lozolowera kukonza nambala kuti isangalatse wamkulu silidzasintha tsiku lolembedwa ntchito. Amana timaiphunzira pa zinthu zazing'ono zomwe palibe angatigwire nazo.

Mng'ono wanga analemba 33, pansi pake n'kufotokoza za kugubuduzika ndi kukhulana. Analemba akung'ung'udza, ndipo malikisi sanatuluke mpaka pano. Ine malipoti anga ophika aja sindingawabwezenso. Chomwe ndingathe n'kupempha chikhululuko kwa Allah ndi kusiya, kuyambira lab ya semesita ino, insha Allah.

Nanga inu, nambala yomwe munalemba sabata yatha ndi yomwe munaiona?

Allah atipange kukhala onena zoona poyera ndi mseri momwe. Ameen.