Zala za Agogo Zili pa Njerwa

Tamverani, inu a mu Blantyre, inu okhala kumayadi ndi inu amene mumangodutsako wapansi m'bandakucha popita kukasesa mabwalo a eni ake. Ndili ndi mawu pa nkhani ya nyumba zakale ndi mitengo yake, ndipo sindiyang'ana nkhope.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, misewu ya ku Sunnyside, Namiwawa ndi Mandala imakhala ndi mthunzi, jakaranda atayala maluwa ake pansi ngati chitenje. Mu msewu wina wotere ndinapeza nyumba yakale ya khonde lozungulira itagwetsedwa, malata ataunjikidwa pambali kudikira ogula. Kutsogolo kwake kunali mbawa yoti anthu atatu sakanaikumbatira. Anyamata awiri anabwera ndi macheka a injini, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mtengo uja unali zipika. Ndinatola chibenthu cha njerwa pa mulu wa zogumuka. Pambali pake panali zala zinayi zodindika, za munthu amene anaigwira ikadali yaiwisi poichotsa m'chikombole. Ndinaikamo zala zanga ndipo zinakwana ndendende.

Inu ogwetsa, yankho lanu ndalimva. Mumati, "N'zachitsamunda izi, tisungirenji manyazi athu? Dziko likufuna chitukuko." Ndikufunseni: dothi lija anakumba ndani? Anaponda matope ndani, anasenza madzi kuchokera ku Mudi ndani, anagona pa uvuni usiku wonse akusonkhezera nkhuni ndani? Nyumba ya Mandala yaima kuyambira 1882. Dzina inatengera magalasi a m'maso a John Moir wa kampani ya African Lakes, koma Moir sanasenze njerwa pamutu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mabuku amatama David Clement Scott kuti anachimanga asanaphunzirepo za mapulani, ndipo n'zoona. Nanga amuna aja amene anali asanamangepo nyumba yotere, n'kuumba njerwa zamitundumitundu pamalo pomwepo, n'kuzisanja mpaka denga lozungulira lija linaima osagwa kufikira lero, mayina awo alembedwa pati? Sanasiye kalata kapena chithunzi. Anasiya njerwa basi. Mukamagwetsa nyumba za nthawi imeneyo, mzungu simumupweteka, anapita kalekale. Mukufafaniza siginecha ya agogo anu, yokhayo imene anatha kulemba.

Ndipo mwaiwala kuti kugwetsa nyumba pofuna kuti anthu aiwale ndi nzeru ya atsamunda omwewo. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anafika usiku pa sitolo ya African Lakes ku Mandala kudzafuna mfuti. Nkhondo ya Chilembwe itatha, asilikali a boma anaphulitsa tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, kuti pasatsale poloza chala. Iwo ankadziwa kuti mwana amakhulupirira chimene wachikhudza. Lero ntchito yomwe ija tikuigwira tokha, osatumidwa ndi bwanamkubwa, kuti pamalopo pakhale loji, malo omwetsera mafuta, kapena timanyumba ta lendi tisanu ndi titatu pa puloti imene panali nyumba imodzi, bwalo lonse lothiridwa simenti moti madzi a mvula alibe polowera.

Musasekerere, inu oteteza zakale, pakuti mawu anga akubwera kwa inunso, ndipo kwa inu ndi owawa kuposa. Mumalemba makalata odandaula, mumasonkhana pa khonde ndi tiyi, mumati mbiri ya mzinda ikutha. Koma mbiri yanu imathera pa chitseko cha kukhitchini. Kuseri kwa nyumba iliyonse mwa zimenezo kuli boyizikota: kachipinda kamodzi, zenera ngati bowo la nkhunda, mwaye wa zaka zambiri uli bii kudenga. M'menemo munagona akhukhi, alonda ndi olera ana, pamodzi ndi mabanja awo kapena atawasiya kumudzi. Wantchito ameneyo ndiye munthu wamkulu wa mbiri ya kumayadi, ndipo palibe mmodzi mwa inu amene ndinamumva akuti kachipinda kameneko kasungidwe, ana asukulu azibwera kudzakaona. Mukufuna khonde, maluwa ndi pansi pa matabwa opolishidwa. Choonadi simuchifuna.

Ndiponso kachipinda kaja sikanakhale mbiri, mukadali munthu. Bambo amene amathirira kapinga wanu amadzuka tambala woyamba ku Ndirande kapena ku Chilobwe, kuyenda wapansi chifukwa malipiro ake sakwana minibasi ya mwezi wonse. Amadziwa mtengo uliwonse wa pabwalo panu, umene umathothoka masamba msanga ndi umene chiswe chayamba kuudya. Kodi munayamba mwamuitana ku msonkhano wanu woteteza mitengo? Mwamanga mipanda yaitali, pamwamba waya wamagetsi, moti nyumba imene mukuti ndi chuma cha fuko lonse, fukolo limangoona denga. Mukamati "tisunge maonekedwe a dera lathu," nthawi zina mtima ukunena kuti amphawi asayandikire. Mulungu amamva zonse ziwiri, za pakamwa ndi za mumtima.

Inunso osunga zidindo m'maofesi, lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale lilipo m'dziko muno, ndipo palibe nyumba yovomerezeka imene imamangidwa mu mzinda popanda pulani kudindidwa. Aliyense wa inu amene anadinda pepala asanapite kukaona malo, kapena anatseka maso chifukwa cha kenakake ka m'envulopu, adziwe kuti chidindo chake chili pa chitsa chilichonse.

Tsono kwezani maso muone mapiri. Ndirande linali ndi nkhalango, lero ndi mutu wometedwa mpala. Soche nalo lagwapidwa mpaka m'mwamba. Ndani amagula makala amene amatsika m'mapiri pa njinga, matumba atatu atatu, ngati si ife tomwe, a kumayadi ndi a m'makomboni, magetsi akangozima? Ndani amagula njerwa zowotcha ndi mitengo yachilengedwe kuti amangire mipanda ija? Olemera asunga mthunzi pakhomo pawo pometa mapiri a osauka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Anthu anakumba ndi makasu ndi manja kufunafuna ana awo. Tinalira, tinapereka zovala ndi ufa, tinalonjeza kubzala mitengo. Mvula itangokata, macheka analiranso. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo madzi sawerenga nambala ya puloti. Mukapitiriza chonchi, tsiku likubwera pamene mudzakhala m'nyumba zanu zosanjikizana, kutentha kuli ng'aning'ani, mpopi uli gwa, mdzukulu n'kukufunsani kuti mzindawu unayambira pati, inu n'kumulozera pamalo oimikapo magalimoto.

Madzulo a tsiku limene mbawa ija inadulidwa ndinadutsanso pa puloti paja. Bambo wachikulire amene ankasamala pabwalopo anali atakhala pa chitsa cha mbawa, akumanga kamtolo ka nthambi ndi luzi. Ndinawapatsa moni, n'kuwafunsa ngati ntchito ipitirira. Anapukusa mutu, nati abwana atsopano safuna wa m'maluwa, pakuti sipadzakhala maluwa. Anasenza nkhuni zawo n'kuyamba ulendo wa ku Chilobwe, ine n'kutsala nditagwira njerwa ija m'manja.