Mpamba Ukakumana ndi Matenda

Nthawi ina ndinapatsidwa ntchito yomasulira kabuku kophunzitsira magulu a banki m'khonde kayendetsedwe ka bizinesi. Zambiri sizinavute: kulemba zolowa ndi zotuluka, kuwerengera phindu, kubweza ngongole pa nthawi yake. Koma lamulo limodzi linandiimitsa mutu. Linkati ndalama za bizinesi zisasakanizidwe ndi za pakhomo.

Lamuloli ndi loona. Mayi wogulitsa mandasi akamatapa mumpamba tsiku lililonse kuti agule mchere ndi sopo, sangadziwe ngati akupindula. Tsiku lobweza likafika, gulu limafuna ndalama zake ndi chiwongoladzanja chomwe, ndipo ena amathamangira katapila, n'kulowa m'mavuto oposa oyamba.

Koma taganizirani mayi yemweyo usiku, mwana watentha thupi, chipatala chili kutali, wakabaza akufuna zake. Ndalama yomwe ilipo m'nyumbamo ndi ya ufa wa mandasi a mawa. Akaitenga, malinga ndi kabuku kaja, walakwa. Nanga akaisiya, tidzati ndi mayi wotani?

Apa ndi pomwe ndimachita mantha. Tikamati umphawi utha ndi maphunziro, timakhala ngati tikunena kuti wosauka anasauka chifukwa cha umbuli, choncho bizinesi ikagwa chala chimaloza iye. Komatu mu Novembala 2023, kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta ophikira anakwera mtengo kwa wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Ndipo amayi makumi awiri a m'mudzi umodzi akaphunzira onse kugulitsa tomato, ogula sachuluka chifukwa cha satifiketi zawo.

Njira yosungira ndalama m'magulu motere, yomwe bungwe la CARE linayambitsa ndi amayi akumidzi ku Niger mu 1991, mphamvu yake ili pa kudalirana. N'chifukwa chake magulu ambiri, kupatula masheya, amasonkha kathumba ka zadzidzidzi ka matenda ndi maliro. Kathumbako ndi komwe kamapatsa mayi uja mwayi wosunga lamulo popanda kuika moyo wa mwana pachiswe.

Lamulo lija ndinalimasulira momwe linalili, poti womasulira sawonjezera zake. Koma kwa ophunzitsa ndikuti: phunzitsani kulemba ndi kuwerengera, inde, koma musanauze munthu kuti asakhudze mpamba, yambani mwafunsa gulu kuti m'kathumba kaja muli zingati.