Tsiku Lake, Kapena Phazi Langa?

"Linali tsiku lake." Pamaliro a munthu wogundidwa ndi galimoto mawu amenewa sachedwa kumveka. Amayambira kwa amayi olira pasiwa, amafika kwa amuna okhala panja pamoto, ndipo mlaliki amakawatsindika kumanda. Ine ndine mkulu wa mpingo wa Reformed Church in Zambia kuno ku Chadiza. Chiphunzitso chakuti palibe chimachitika Mulungu osadziwa ndinachilandira ndili mnyamata wa kalasi, ndipo ndimachikhulupirira mpaka lero. Koma ndilinso mwini wa Volkswagen Golf GTI, ndipo pali funso limene silindichoka mumtima. Galimoto imeneyi itapha mwana wa munthu ine ndili pachiwongolero, kodi ndingatsegule pakamwa n'kunena kuti linali tsiku lake?

Ndinaigula ku Lusaka itayenda kale, ndi ndalama za soya ndi mtedza zimene ndimagula kwa alimi n'kukagulitsa ku Chipata. Ndi Golf ya m'badwo wachisanu, mtundu umene unatuluka mu 2004, ya injini ya malita 2 yokhala ndi turbo, mahosipawa 200. Kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola imatenga masekondi pafupifupi 7, ndipo ukaitayirira imapitirira 230. GTI yoyamba, ya 1976, inali ndi mahosipawa 110 okha, koma anthu a nthawi imeneyo ankaiona ngati yoopsa kale.

Ndimaikonda, sindibisa. Pa Great East Road, pakati pa Katete ndi Chipata, ukaponda mafuta uli m'giya yachitatu mpando umakukankha pamsana, injini n'kusintha mawu, mtima n'kuchita kuti myaa. Abale ena mumpingo amati chisangalalo chotere ndi chadziko, ndipo mkulu wa mpingo amayenera kuyendera Corolla yofatsa. Ena kumudzi amanong'ona kuti galimoto yotere sibwera ndi soya yekha, koma amenewo ndimangowasiya. Abale a mumpingo ndiwo ndimawayankha. Nzeru imene inalumikiza zitsulo zija kuti zizizungulira mogwirizana, anaipereka ndani? M'buku la Yobu, chaputala 39, Mulungu mwini akulankhula za kavalo, za mphamvu zake ndi kusaopa kwake, ndipo akulankhula ngati mlengi wokondwa ndi chimene anapanga. Mphamvu payokha si tchimo, ndipo kukondwa nayo si tchimo. Vuto langa lili pena.

Lili pa zimene ndikudziwa. Galimoto imeneyi imakoka ndi mawilo akutsogolo, ndipo mawilo omwewo ndi amene amakhotetsa. Tayala limagwira msewu mpaka pamlingo wake, ndipo kugwirako kumagawidwa: chimene wathera pokoka sichikhalaponso pokhota. Ukaponda mafuta mwamphamvu, kulemera kwa galimoto kumathawira kumbuyo, mawilo akutsogolo n'kupepuka nthawi yomwe akufunika kwambiri. Chiwongolero chimayamba kukokera mbali m'manja mwako. Ukalowa pokhota ndi liwiro lopitirira, umapotoza chiwongolero koma galimoto imangolunjika kumene inkapita. Ukachita mantha n'kuchotsa phazi mwadzidzidzi, kumbuyo kumatha kutembenuka. Pamsewu wa miyala ndi fumbi, kapena pamene mchenga wakokolokera paphula mvula itagwa, zonsezi zimayamba pa liwiro lochepa ndithu.

Ndikudziwanso masamu a mabuleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa makilomita 120 pa ola, sekondi imodzi yokha galimoto imadya mamita 33, ndiye kuti phazi lisanafike n'komwe pabuleki wadutsa kale nyumba zingapo za m'mbali mwa msewu. A World Health Organization amati munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65, mwayi woti afe umaposa kanayi wa amene wagundidwa pa 50. Kusiyana kwa 50 ndi 65 m'galimoto yanga sikumveka m'thupi. Ndi kungotsitsa chala chachikulu cha kuphazi pang'ono.

Amene anaipanga ankaganiza za misewu ya ku Germany, kumene misewu ikuluikulu salola oyenda pansi kapena njinga. Msewu wathu ndi wa aliyense. Mumayenda ana a sukulu, mbuzi, amayi osenza nkhuni, njinga yonyamula matumba a makala otambalala kuposa mwini wake, ngolo ya ng'ombe yobwerera kumunda madzulo yopanda nyali ngakhale imodzi. Ntchito yoika phula pamsewu wa Chipata kubwera ku Chadiza inalowa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000, imene Michael Sata anakhazikitsa mu 2012, ndipo tonse tinaiyembekezera ndi mtima wonse chifukwa fumbi ndi matope zinatizunza. Komabe phula likafika pamudzi, nyumba sizisuntha, ana sasiya kuwoloka. Chimasintha ndi liwiro la ife a magalimoto.

Tsono pa Eksodo 21 pali lamulo limene munthu woweta ng'ombe aliyense wa kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume angalimve msanga kuposa ophunzira a m'tauni. Ng'ombe ikagunda munthu n'kumupha, ng'ombeyo iphedwe, koma mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inkadziwika kale kuti imagunda, mwini wake anachenjezedwa, iye osaitsekera, magazi a wakufayo ali pamutu pake. Ng'ombe ndi yomweyo, imfa ndi yomweyo. Chosiyanitsa milandu iwiriyi ndi chimene mwini wake ankadziwa. Ngakhale pabwalo la amfumu timaweruza motero: ng'ombe zako zikadya chimanga cha mnzako umalipa, ndipo palibe nduna ingakumvere utanena kuti Mulungu anakonza kuti chimangacho chidyedwe tsiku limenelo. Ine ndinachenjezedwa. Makaniko wanga anandichenjeza, chiwongolero chimandichenjeza m'manja, maliro amene ndayendapo andichenjeza.

Nanga chiphunzitso chija chakuti zonse zili m'manja mwa Mulungu tichitaye? Ayi. Koma tione kuti mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwa ndani. Kumapeto kwa Genesis, Yosefe akuuza abale ake kuti choipa chimene anamuchitira Mulungu anachisandutsa chabwino. Wonena zimenezi ndi Yosefe, amene anaponyedwa m'dzenje n'kugulitsidwa. Abale ake sanayerekeze kudzinenera okha. Iwo anabwera akugwada, akupempha chikhululukiro, ndipo Yosefe powatonthoza sanafafanize kuti iwo anafuna choipa. Mayi amene wataya mwana pamsewu akanena kuti linali tsiku lake, akugwiritsa dzanja la Mulungu kuti asamire, ndipo palibe wa ife ayenera kumulanda. Woyendetsa amene ankathamanga 130 pakati pa mudzi akanena mawu omwewo, akuba chitonthozo cha wofedwa kuti aphimbire phazi lake. Akutchula dzina la Mulungu pachabe, ndipo akulitchula pa mtembo wa mwana.

Izi zimandiwawa chifukwa ife a mpingo tathandizira. Timafulumira kutonthoza aliyense ndi mawu amodzimodzi, wofedwa ndi wopha yemwe, kuti mwambo wa maliro uyende bwino. Timapemphera basi isananyamuke, chimene chili chabwino, koma dalaivala akayamba kupitirira malole pachitunda timakhala chete ngati pemphero lija lamanga mabuleki. Satana atauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi poti angelo amugwira, Yesu anakana, nati kutero n'kuyesa Mulungu. Anthu oposa miliyoni imodzi amafa m'misewu ya dziko lapansi chaka chilichonse, ndipo Africa, imene ili ndi magalimoto ochepa poyerekeza ndi kwina, ndi imene imataya anthu ambiri molingana ndi chiwerengero chake. Kodi tinene kuti Mulungu anatilembera ife masiku ofupika kuposa a ku Sweden? Ine sindingathe kukhulupirira zimenezo.

Anzanga oyendetsa amati mlandu si wathu tokha: misewu ndi yopapatiza, ngolo zilibe nyali, makolo amasiya ana kusewera m'mbali mwa phula. Zoona zonse. Koma mwa onse okumana pamsewu madzulo, ndine ndekha amene ndakhala m'chitsulo cholemera kuposa tani imodzi, womangidwa lamba, ndipo ndine ndekha ndingasankhe liwiro. Deuteronomo 22 amalamula womanga nyumba kuika kampanda padenga kuti wina asagwe. Salamula alendo kuti aziyenda mosamala, amalamula mwini nyumba. Akatolika anafika pa mfundo yomweyi mu 2007, pamene ku Vatican anatulutsa malangizo a oyenda pamsewu ochenjeza kuti galimoto isakhale chida choonetsera mphamvu ndi kupondereza ena. A RTSA, oyang'anira chitetezo cha pamsewu, sangaime pa mudzi uliwonse. Pamsewu wa ku Chanida usiku palibe wokuona koma Mulungu ndi chikumbumtima chako.

Wina angandifunse kuti, achimwene, bwanji osangoigulitsa? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo ndalilingalira. Ndingatchule kuti mabuleki ake amaima msanga kuposa a magalimoto ambiri otsika mtengo, ndiponso kuti popitirira lole mphamvu imafupikitsa nthawi imene uli mbali ya anzako. Ndanyamulapo amayi oyembekezera usiku kupita nawo kuchipatala, ndipo tsiku lotero ndinathokoza Mulungu chifukwa cha injini imeneyi. Koma chifukwa chenicheni n'chakuti ndimaikonda, ndipo lamulo la pa Eksodo silinena kuti usawete ng'ombe yamphamvu. Limati uitsekere. Mahosipawa ambiri mwa 200 aja amakhala osagwira ntchito masiku ambiri, ndipo ndavomera kuti zikhale choncho. Pofika pamudzi ndimatsika kufika 40, pasukulu 30, ngakhale msewu uoneke wopanda munthu. Dzuwa likamalowa, nthawi imene ng'ombe zimabwerera kukhola, sindipitirira 60. M'mwezi wa Ogasiti, anthu akamapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, msewu wonse umasanduka bwalo, ndipo ndimayenda ngati ndanyamula mazira a wina. Mphwanga wandipempha makiyi kangapo. Ndamuuza kuti adzawalandira tsiku limene adzasiye kundifunsa kuti imafika pa liwiro lanji.

Pali chimodzi chimene ndakonza kukapereka ku bungwe la akulu a mpingo. Munthu akagula galimoto amaitana abusa kuti aipempherere, ndipo abusa amapempha kuti Mulungu ateteze mwini wake ndi banja lake. Ndikufuna kuti asanapemphere azimuimiritsa mwini galimotoyo pamaso pa anthu, monga timachitira ndi makolo obatizitsa mwana, n'kumufunsa mafunso. Kodi mulonjeza kusayendetsa mutamwa? Kodi mulonjeza kutsitsa liwiro pamene pali nyumba za anthu? Mukagunda munthu, kodi mudzaima, kumunyamula, ndi kukanena zoona kupolisi ndi kwa abale ake? Ayankhe mokweza, oyenda pansi a mumpingomo akumva, ndipo pempherolo litchulenso ana a m'midzi imene galimotoyo izidzadutsa. Akulu a mpingo akavomera, ndidzayamba ndine kuimirira ndi Golf yanga.