Galimoto Imafatsa pa Maliro, Nanga Pomwe Pali Ana?

Pakagwa maliro ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25, anyamata amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Pamalopo sipaima wapolisi, ndipo palibe chikwangwani cha boma. Komabe dalaivala wa minibasi, yemwe tsiku lonse amalimbirana okwera, amachepetsa liwiro ndi kutsitsa wailesi. Wakabaza amadutsa mwaulemu, wanjinga yakapalasa amatsika n'kumakankha. Koma maliro akangotha, masamba n'kuchotsedwa, msewu womwewo umabwerera mwakale: galimoto zikuthamanga pakati pa ana opita kusukulu, zina zitaimikidwa pomwe anthu amayenda. Mwambo wa masambawu ukuonetsa kuti oyendetsa galimoto amatha kudziletsa popanda wowakakamiza. Nanga bwanji ulemu umene womwalira amalandira, mwana wamoyo saulandira?

Vutoli lili ndi chiyambi chake. Pamene Lilongwe inkakhala likulu la dziko mu 1975, unali mzinda waung'ono. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000. Pofika kalembera wa 2018, anthu anali 989,318. Misewu yambiri ya m'makwalala inalambulidwa nthawi imene pabanja kukhala ndi galimoto chinali chinthu chosowa. Ndi yopapatiza, m'mbali mwake muli ngalande, ndipo njira ya oyenda pansi palibe. Lero puloti yomwe inali ya banja limodzi ili ndi nyumba zalendi kuseri, ndipo galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zachititsa kuti mabanja ambiri akwanitse kugula yawoyawo. Misewu ikuluikulu yakuzidwa, monga mphambano ya pa Area 18 ndi msewu wa Kenyatta, koma ya pakati pa nyumba ikadali momwe inalili. Ndipo kumsewu waukulu kukathinana, madalaivala amadulira m'makwalala momwemo, ali ndi changu cha kumsewu waukulu.

Galimoto yoima imaoneka ngati yosalakwa, poti siyenda. Koma ikaimikidwa m'mphepete mwa msewu wopanda njira ya oyenda pansi, imachita zinthu ziwiri. Choyamba, imakankhira woyenda pansi pakati pa msewu, pakuti mbali inayo kuli ngalande kapena mpanda. Chachiwiri, imabisa. Mwana wa sitandade 1 ndi wamfupi kuposa galimoto zambiri, choncho akamatulukira kuseri kwake, dalaivala wobwerayo samuona mpaka atafika kale pamsewu.

Apa ndi pomwe liwiro limagamula mlandu. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ya makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 okha. Sekondi imeneyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Kuonjezera apo, liwiro likachuluka kawiri, mtunda woti galimoto iime buleki itapondedwa umachuluka kanayi. N'chifukwa chake msonkhano wa maiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu, umene unachitikira ku Stockholm mu 2020, unalimbikitsa malire a makilomita 30 pa ola m'malo momwe galimoto ndi anthu oyenda pansi amasakanikirana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikutsogola popha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto.

Munthu woyendetsa galimoto akadzudzulidwa, kawirikawiri amayankha kuti chiyambire sanagundepo munthu. Yankholi ndi lofunika kuliunika bwino. Pakhale madalaivala awiri odutsa m'khwalala limodzi pa liwiro lofanana, wina m'mawa, wina masana. Wam'mawa akudutsa popanda chovuta. Wamasana akukumana ndi mwana wothamangira mpira. Khoti lidzazenga wamasana yekha, ndipo n'zomveka, chifukwa khoti limaweruza zimene zachitika. Koma zimene awiriwa anasankha ndi chimodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi mpira umene palibe mwa iwo anauponya. Ngati wina ali wolakwa ndipo wina ali wosalakwa chifukwa cha mpira chabe, ndiye kuti kusalakwa kwa wam'mawayo ndi mwayi, osati khalidwe. Kulakwa kumayambira pa nthawi imene munthu wasankha kuika moyo wa mnzake pachiswe kuti iye afike msanga. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2290, amaphunzitsa zomwezi: amaika mlandu waukulu pa anthu amene, chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro, amaopseza moyo wawo ndi wa anzawo pamsewu, ndipo sadikira kuti ngozi ichitike kaye.

Eni galimoto ali ndi mbali yawo, ndipo siyopeputsa. Malo oimikapo galimoto m'madera ambiri kulibe. Wokhala nyumba yalendi sangagwetse mpanda wa eni ake kuti galimoto ilowe. Kuimika patali kumabweretsa nkhawa ya akuba mabatire ndi magalasi. Kukonza misewu, kuika zikwangwani ndi kujambula malo owolokera ndi udindo wa khonsolo ya mzinda ndi nthambi za boma, ndipo anthu ali ndi ufulu wofunsa kuti ntchitoyo ichitike. Zonsezi n'zoona. Koma kuchepa kwa malo sikutha chifukwa choti wina waimika galimoto panjira. Kumangosamukira pa munthu wina. Ndipo amene kumamugwera nthawi zonse ndi wopanda mphamvu: agogo oyendera ndodo, mayi wobereka mwana atasenza ndowa, munthu wa panjinga ya olumala amene sangalumphe ngalande. Mwini galimoto akaimika patali, amataya mphindi zisanu zoyenda pansi. Akaimika panjira, wina akhoza kutaya mwendo kapena moyo. Mitolo iwiriyi si yolemera mofanana, ndipo chilungamo chimafuna kuti wopindula ndi galimotoyo ndiye asenze zovuta zimene imabweretsa.

Mlanduwu si wa madalaivala okha. Eni nyumba nawonso amalanda msewu m'njira zawo. Ena amaunjika mchenga ndi njerwa pamsewu kwa miyezi. Ena amaika miyala kapena matayala kutsogolo kwa geti ngati kuti msewuwo unabwera limodzi ndi puloti. Ena, pofuna kuteteza ana, amamanga okha mahampu aatali opanda utoto kapena chizindikiro, ndipo usiku wakabaza ndi wokwera wake ndi amene amagwerapo. Cholinga chabwino sichichotsa udindo woganizira amene angavulale nacho. Oyenda pansi nawo ayenera kusamala, ndipo makolo ayenera kuphunzitsa ana kuwoloka. Koma udindowu sungagawidwe pakati ndi pakati. Mwana akalakwitsa amadzipweteka yekha. Woyendetsa chitsulo cholemera kuposa tani imodzi akalakwitsa amapweteka ena. Amene ali ndi mphamvu yaikulu yovulaza ndiye ali ndi udindo waukulu wosamala.

Tsiku Lamulungu limaika nkhaniyi pakhomo pa tchalitchi penipeni. Misa yoyamba ikamatha yachiwiri ikuyamba, misewu yozungulira parishi imadzaza. Wochedwa amaimika paliponse pomwe paoneka mpata: pageti la munthu, pakona, pomwe ana a Tilitonse amawolokera. Iye akuti ndi maola awiri okha. Koma m'maola awiriwo, m'nyumba yotsekeredwayo mukhoza kukhala mayi amene matenda a uchembere amuyamba, kapena moto wabuka ndipo galimoto yozimitsa moto ikusowa polowera. Anthu ambiri oyandikana ndi tchalitchi samva ulaliki wa mkatimo. Chimene amadziwa cha akhristu ndi momwe amaimikira galimoto zawo. Zomwezi zimachitika pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Si pachabe kuti mu 2007 ofesi ina ya ku Vatican inatulutsa malangizo a utumiki wa pamsewu, momwe munali malamulo khumi a oyendetsa galimoto: Mpingo unaona kuti chiwongolero ndi amodzi mwa malo amene chikondi cha pa mnzako chimayesedwa tsiku ndi tsiku.

Chimene chimapatsa mphamvu masamba a pamaliro ndi chakuti mudzi wonse unagwirizana za tanthauzo lake, ndipo wowanyoza amadziwa kuti anthu amuona ndipo amudziwa. Kuseri kwa magalasi otseka, manyazi amenewo amachepa, ndipo anthu a panjira amasanduka zopinga chabe. Choncho mankhwala ake sangakhale apolisi okha, amene sangaime m'khwalala lililonse. Mgwirizano wotere ungamangidwenso. Mphakati umene umasonkhana sabata ndi sabata umadziwa kona imene ana amapulumukira mwamwayi, umadziwanso eni galimoto za m'deralo ndi maina awo. Ungathe kukambirana ndi mfumu ya m'deralo ndi khansala, n'kulemba kalata imodzi yopempha khonsolo hampu yovomerezeka ndi chikwangwani, m'malo moti aliyense azikumba yekha. Oyandikana nyumba amene ali ndi bwalo lalikulu angathe kugwirizana ndi amene alibe. Achinyamata a parishi angathe kulondolera galimoto Lamulungu, malo apafupi n'kusiyira okalamba, odwala ndi olumala.

Zina sizifuna komiti. Kunyamuka kunyumba mphindi khumi msanga kumachotsa changu chimene chimabala liwiro. Akale anati kuthamanga sikufika. Kutsika n'kuyang'ana kuseri kwa galimoto musanabwerere m'mbuyo potuluka pageti kumatenga masekondi ochepa. Ndipo asanazimitse injini, woyendetsa aliyense angathe kuyang'ana malo amene waimapo n'kudzifunsa kuti munthu woyenda pansi adutsa pati. Ngati yankho lake ndi pakati pa msewu, ndiye kuti malowo si ake, ngakhale palibe chikwangwani choletsa.